Mvula ndi ya Mulungu, Nanga Damu ndi la Yani?

M'bandakucha wa pa 14 Malichi 2006, anthu okhala m'mbali mwa kamtsinje ka Wailapa, kumpoto kwa chilumba cha Kauai ku Hawaii, anali akadali m'tulo. Kumtunda kwawo kunali damu lakale la ulimi wothirira lotchedwa Ka Loko. Khoma lake ladothi linang'ambika, ndipo madzi okwana malita pafupifupi 1.5 biliyoni anatsika ndi chigwa ulendo umodzi, atasenza mitengo, miyala ndi matope. Anakokolola nyumba, anagumula mbali ya msewu waukulu wa Kuhio, nakathira m'nyanja. Anthu asanu ndi awiri anafa. Pakati pawo panali mwana wa zaka ziwiri pamodzi ndi makolo ake, komanso mayi woyembekezera ndi bwenzi lake, amene ukwati wawo unali utatsala masiku owerengeka. Mitembo itatu yokha ndi imene inapezeka.

Mvula inali itagwa kwa milungu itatu, ndipo sinakate mpaka kumayambiriro kwa Epulo. Anthu a ku Hawaii amaikumbukira ngati mvula ya masiku makumi anayi, ndipo aliyense amene anakulira m'tchalitchi akamva chiwerengero chimenechi maganizo amathamangira kwa Nowa. Pachilumba chomwecho pali phiri la Waialeale, amodzi mwa malo amene amalandira mvula yambiri padziko lonse. Munthu akanati zimene zinachitika ku Ka Loko ndi mphamvu ya kumwamba, ambiri akanamuvomera. Koma patapita miyezi khumi, mu Januwale 2007, loya Robert Godbey, amene boma linamupatsa ntchito yofufuza ngoziyi, anatulutsa lipoti limene linabweza nkhani yonse pansi pano. Linanena kuti zikuoneka kuti madzi anadutsa pamwamba pa khoma chifukwa ngalande yotayira madzi osefukira inali itakwiriridwa ndi dothi, ndiponso kuti boma linali lisanayenderepo damulo ngakhale kamodzi.

Apa ndi pamene pagona funso lakale kwambiri, lakale kuposa damulo. Madzi akapha anthu, wapha ndani? Ndipo mawu akuti "chinali chifuniro cha Mulungu", amene amatonthoza pamaliro, ndani ali ndi ufulu wowanena?

Ka Loko linamangidwa mu 1890 kuti lizithirira minda ya nzimbe ya kampani ya shuga ya ku Kilauea. Nthawi imeneyo damu linali mtima wa esiteti. Panali anthu olembedwa ntchito yoyenda m'ngalande, kutsegula ndi kutseka mageti a madzi, kudula zitsamba pakhoma. Sankachita izi chifukwa cha lamulo la boma ayi: madzi akathawa, nzimbe zikanauma, phindu likanathawa nawo. Mu 1971 kampani inatseka. Minda inagawidwa, ina inasanduka mapuloti, nyumba zinayamba kumera m'chigwa. Damu linatsala, likuthirirabe minda ya alimi ang'onoang'ono owerengeka, koma gulu la antchito amene ankalidziwa ngati chikhato chawo linabalalika. Mu 1987 malo a mbali imene kunali khoma anagulidwa ndi James Pflueger, mpondamatiki amene analemera ndi malonda a galimoto ku Honolulu. Mbali ina ya damulo inali m'manja mwa thumba la chuma cha banja, ndipo ngalande zogawira madzi zinkayendetsedwa ndi kampani inanso. Chinthu chimodzi, eni ake ambiri.

Damu ladothi lili ndi mdani mmodzi wamkulu, ndiye madzi odutsa pamwamba pake. Mlimi aliyense amadziwa zimene zimachitika madzi akalumpha mzere m'munda wa pamtsetse: amayamba ndi kampata kakang'ono, kampatako nkukula, ndipo pakutha pa mvula pamakhala chigwembe. Khoma la damu limadyeka chimodzimodzi, kungoti kumbuyo kwake kumakhala nyanja yathunthu ikukankha. Nchifukwa chake omanga amasiya pambali ngalande yotsikirapo kuposa msonga ya khoma, kuti damu likadzaza madzi azitulukira kumeneko. Ngalande imeneyi imatha zaka zambiri ili youma. Wosadziwa amaiona ngati malo ongotayika, kapena ngati chibowo chimene chikuchepetsa madzi ake. Ku Ka Loko inali yakonkire, ndipo ofufuza anapeza kuti inakwiririka cha m'ma 1997, pamene mathirakitala ankasalaza malo a m'mbali mwa damu popanda chilolezo. Khonsolo ya Kauai inalamula kuti ntchitoyo iime, koma nkhaniyo inazilala. Munthu wina wa m'deralo, amene ankalidziwa damulo kuyambira kale, anaona kuti ngalande yasowa ndipo anachenjeza mwini malo. Zaka zisanu ndi zitatu zinadutsa.

Pflueger anakana mpaka kumapeto kuti ndiye anapha anthuwo. Maloya ake ankati damulo linali lokalamba, linkachucha pansi, ndipo likanagumukabe. Mfundo imeneyi siyopanda pake, chifukwa madamu adothi amathanso kudyeka m'kati madzi asanafike pamwamba. Koma ikakhala yoona, ikungosuntha mlandu, osauchotsa: damu lokalamba ndi lochucha ndiye lofunika diso kuposa lina lililonse.

Diso limenelo linayenera kukhala la boma. Hawaii inakhazikitsa lamulo la chitetezo cha madamu mu 1987, ndipo madamu ankayenera kuyenderedwa zaka zisanu zilizonse. Koma ofesi yoona za ntchitoyi inali ndi antchito owerengeka pa madamu oposa 130 omwazikana pazilumba zingapo. Makalata analembedwa kwa mwini malo opempha tsiku lodzayendera. Yankho silinabwere, ndipo palibe anakagogoda pachipata. Chinanso, m'kaundula wa boma Ka Loko linalembedwa m'gulu la madamu a chiopsezo chochepa. Ambiri amaganiza kuti mawu amenewa amanena za mphamvu ya khoma, koma sichoncho. Amanena za zimene zili kumunsi: damu likagumuka, lidzapeza ndani m'njira? Pamene m'chigwa munali nzimbe zokhazokha, chiopsezo chinalidi chochepa. Anthu atamanga nyumba, pepala silinasinthe. Kaundula ankanenabe kuti kumunsi kulibe munthu, pomwe kumunsiko ana ankagona. Madzi saiwala khwawa, koma ofesi imaiwala.

Tsopano tibwere kwa Mulungu, poti dzina lake silichedwa kutchulidwa madamu akagumuka.

Usiku wa pa 2 Julayi 2019, damu laling'ono la Tiware m'boma la Ratnagiri ku India linagumuka mvula ili pakati, ndipo anthu pafupifupi 20 a m'mudzi wa kumunsi anafa. Anthu a m'mudzimo anali atadandaula kale kwa akuluakulu kuti khoma likuchucha. Patapita masiku awiri, nduna yoona za kasungidwe ka madzi m'chigawo cha Maharashtra, Tanaji Sawant, inauza atolankhani kuti nkhanu ndizo zinafukula khomalo, ndipo inaitcha ngoziyo tsoka lachilengedwe limene munthu sakanaliletsa. Anthu anakwiya kwambiri, mpaka ena ananyamula nkhanu m'bokosi nkukazikhuthula pakhomo pa ndunayo ku Pune. Mkwiyo wawo unali ndi nzeru m'kati. Nkhanu zimakumbadi makoma adothi, monganso makoswe ndi chiswe. Koma kufufuza maenje a tizilombo totere ndi ntchito yeniyeni imene woyendera damu amalipiridwa. Kunena kuti ndi nkhanu kuli ngati kuvomera kuti palibe amene ankayang'ana.

Nkhani ya nkhanu ili ndi mkulu wake wakalekale. Ku Yemen kunali damu la Marib, limene linathirira minda ya ufumu wa Saba kwa zaka zoposa chikwi. Qur'an, m'sura yotchedwa Saba, imakamba za chigumula chimene chinasandutsa minda iwiri yachonde ya anthuwo kukhala tchire la zipatso zowawa, ndipo imachiona ngati chilango pa anthu amene anasiya kuthokoza. Nthano za Aluya zinawonjezera kuti khoswe ndiye anafukula maziko a damulo. Miyala yolembedwa imene inapezeka pamalopo imapereka mbali yachitatu: damu limeneli linagumukapo kangapo, ndipo nthawi iliyonse mafumu ankasonkhanitsa anthu zikwizikwi, ufa, nyama ndi zakumwa, nkulikonza. Mfumu Abraha inalemba pamwala za kukonza kotere cha m'ma 540. Patapita zaka makumi angapo linagumukanso, ufumu uli wofooka, ndipo panalibenso woitana anthu ku ntchito. Mbali zitatuzi sizikutsutsana kwenikweni. Kwa anthu odya za m'munda wothirira, kuthokoza kumaoneka ndi khasu pakhoma la damu. Amene wasiya kusamala mphatso wasiya kuthokoza, ngakhale pakamwa pake mapemphero asanathe.

Pamaliro kuno ku Malawi mawu amadziwika. "Nthawi yake inakwana." "Zonse akudziwa ndi Mwini wake." "Tsoka silinunkha." Wofedwa akanena mawu amenewa, kapena mbusa akawanena kwa wofedwa, palibe chinyengo. Mayi amene mwana wake watengedwa ndi madzi usiku analibe mphamvu pa khoma la damu. Mwina sankadziwa nkomwe kuti lilipo. Akapereka zonse m'manja mwa Chauta, akutula katundu amene mutu wa munthu sungasenze, ndipo wina asamulande chitonthozo chimenecho. Koma mawu omwewo akatuluka pakamwa pa mwini damu, pa injiniya wa boma kapena pa nduna, amagwira ntchito ina. Amakhala chishango. Munthu amene anali ndi fosholo, ndi kiyi wa geti, ndi cholembera chosainira ndalama, akuloza kumwamba kuti anthu asayang'ane m'manja mwake. Kumeneko ndi kutchula dzina la Mulungu pachabe, ndiponso ndi kumuchitira umboni wonama, kumusenzetsa mlandu wa ngalande imene Iye sanakwirire. Tsoka la ku Ka Loko ndi la ku Tiware linanunkha, ndipo amene anamva fungo analankhula.

Wokhulupirira wina angatsutse: kodi Mulungu sadziwa masiku a munthu aliyense? Ngati anadziwa kuti asanu ndi awiri aja adzafa pa 14 Malichi, ngalande yotseguka ikanasintha chiyani? Funsoli akatswiri a zaumulungu alimbana nalo kwa zaka mazanamazana, Akhristu ndi Asilamu omwe. Chochititsa chidwi nchakuti malemba enieniwo sadikira kuti mtsutsowo uthe asanapereke lamulo. Buku la Deuteronomo, mutu 22, limalamula womanga nyumba yatsopano kuika kampanda patsindwi, kuti munthu akagwa magazi asakhale pa nyumbayo. Mulungu yemweyo amene amati ndiye mwini moyo ndi imfa ndi amene akulamula kampandako. Asilamu amakumbukira kuti Mtumiki analangiza munthu wina kuti ayambe wamanga ngamira yake, kenako adalire Mulungu. M'zipembedzo zonse ziwiri, kudalira kumene kumadumpha udindo sikuwerengedwa ngati chikhulupiriro.

Lamulo la ng'ombe yogunda, mu Eksodo 21, ndi limene likufika pafupi kwambiri ndi nkhani ya madamu. Ng'ombe ikapha munthu koyamba, imaphedwa, koma mwini wake alibe mlandu. Ikakhala kuti inali ndi chizolowezi chogunda, mwini wake anachenjezedwa koma sanaitsekere, mlandu wa imfa umagwera iyeyo. Ng'ombe ndi yomweyo, nyanga ndi zomwezo, wakufa ndi mmodzimodzi. Chimene chasintha ndi chenjezo. Malire a pakati pa tsoka ndi mlandu ali pa zimene munthu ankadziwa, kapena zimene akanadziwa akanafuna. Ndipo kale kwambiri, cha m'ma 1750 Yesu asanabadwe, malamulo a mfumu Hammurabi ya ku Babulo anali atatchula kale za madzi mwachindunji: mlimi waulesi amene sanalimbitse khoma lake la madzi, madziwo nkuononga minda ya anzake, abweze mbewu zonse, akalephera, agulitsidwe iye ndi katundu wake, oonongeredwawo agawane. Anthu a nthawi imeneyo ankakhulupirira milungu ya mvula ndi ya mitsinje ndi mtima wonse, koma sanalole mnansi waulesi kubisala kumbuyo kwa milunguyo.

Yesu naye analankhulapo za ngozi. Mu Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anakana kuti iwo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Anatseka khomo limene anthu opembedza amakonda kulowera, loti wakufa pangozi anali ndi chake chobisika. Khomo limeneli ndi loopsa chifukwa limapeputsa amoyo: ngati madzi anasankha ochimwa, palibe chifukwa chofunsira za khoma.

Makhoti a ku Britain nawo analimbana ndi funso lomweli, ndipo ophunzira zamalamulo ku Zomba amawerengabe milandu yake. Mu 1860 damu la fakitale ya John Rylands ku Lancashire linaboola migodi yakale imene inali pansi pake nkumiza mgodi wa malasha wa Thomas Fletcher. Mu 1868 khoti lalikulu koposa linagamula kuti amene wasonkhanitsa pamalo pake chinthu choti chikathawa chiononga, amachisunga pa mutu wake. Chikathawa alipira, ngakhale anene kuti anasamala. Koma oweruza anasiya kampata kotchedwa ntchito ya Mulungu. Mu 1876, pa mlandu wa Nichols ndi Marsland, mayi wina amene maiwe ake okongoletsa pakhomo anasefukira nkukokolola milatho inayi anapulumukira pakampata kameneka, chifukwa mvulayo inali yoti mboni sizinaionepo chibadwire. Pofika 1917 mtima wa oweruza unali utasintha. Khonsolo ya Greenock ku Scotland inapatutsa kamtsinje pomanga dziwe losewereramo ana, mvula yaikulu inabwera, madzi anaononga katundu wa kampani ya njanji, ndipo khoti linakana kuti imeneyo ndi ntchito ya Mulungu. Linati mvula yamphamvu ku Scotland si chinthu chodabwitsa, ndipo wosintha njira ya mtsinje ayenera kuiyembekezera.

Kampata kameneka kakhala kakuchepa pamene chidziwitso chikukula. Lero mvula imayezedwa, mbiri yake imasungidwa, ndipo injiniya amatha kuwerengera kukula kwa ngalande yofunika pa chigumula chobwera kamodzi pa zaka 100 kapena 1,000. Tsoka lenileni likadalipo, pakuti palibe khoma lopirira chilichonse, ndipo posankha chiwerengero cha zaka anthu amakhala akuvomereza kuti tsiku lina madzi angapose. Koma gawo la Mulungu yekha limayambira pamene ngalande yotseguka ndi yokwanira yalephera. Zonse za m'munsi mwa pamenepo ndi za anthu.

Pali chinthu china chovuta chimene nkhani ya Ka Loko inavumbula, ndipo sichilola munthu kukhutira ndi kuloza chala mkulu mmodzi wolemera. Ngozi itangochitika, mainjiniya a boma ndi a asilikali a America anayendera madamu onse a pa Kauai, oposa 50. Lililonse linapezeka ndi vuto lake: kwina mitengo itamera pakhoma, kwina madzi akuchucha, kwina ngalande itatsekeka ndi zomera. Eni madamu amenewo sanaimbidwe mlandu wopha munthu, chifukwa makoma awo anapirira. Anzeru awiri, Bernard Williams ndi Thomas Nagel, analemba za vuto limeneli mu 1976. Taganizani madalaivala awiri amene onse sanakonzetse mabuleki. Mmodzi wafika kunyumba bwinobwino. Winayo mwana wamudutsira kutsogolo. Kusasamala kwawo ndi kofanana, koma mmodzi ndi wakupha, wina akudya nsima ndi banja lake. Khoti limalanga zotsatira, ndipo silingachitire mwina. Chikumbumtima sichiyenera kudikira zotsatira. Mwini damu amene ngalande yake yatsekeka lero ali kale ndi mlandu wonse umene adzakhale nawo tsiku la chigumula; chimene chatsala ndi mvula yokha. Nchifukwa chake kuyendera madamu kuli ndi ulemu woposa umene anthu amakupatsa: ndi njira yokhayo imene dziko lili nayo yogwira cholakwa chisanasanduke maliro.

Ntchitoyo payokha ilibe chokopa. Woyendera amayenda pamsonga pa khoma kuona ngati pali pamene patitimira kapena pang'aluka. Amatsikira kumunsi kwa khoma nkuyang'ana udzu: malo amene abiriwira m'chilimwe pomwe ponse pauma akunena kuti pansi pakudutsa madzi. Akapeza kasupe, amatunga madziwo m'botolo nkuwayang'ana padzuwa. Oyera sadetsa nkhawa kwambiri, pakuti damu lililonse ladothi limachucha pang'ono. Amatope ndiwo oopsa, chifukwa dothi limenelo ndi khoma lenilenilo likutuluka pang'onopang'ono. Amaona mitengo, poti muzu ukafa nkuola umasiya njira ya madzi. Amaona chulu, maenje a mbewa, njira imene ng'ombe zapondaponda popita kukamwa. Amayesa kupotokola chitsulo cha geti kuti aone ngati dzimbiri silinachigwire. Pomaliza amaima m'ngalande yotayira madzi nkuona ngati muli bango, zinyalala, kapena matumba a mchenga amene wina anaika kuti damu lisunge madzi ochulukirapo. Akachita bwino ntchito yake, palibe chimachitika, ndipo palibe amamuthokoza. Nchifukwa chake ndalama za ofesi yake ndizo zimayamba kudulidwa bajeti ikavuta. Mneneri Ezekieli anafanizira udindo wotere ndi wa mlonda wa palinga, amene akaona lupanga likubwera osaliza lipenga, magazi a anthu amafunsidwa m'manja mwake. Koma mlonda amene mudzi sunamupatse lipenga, kapena unamuika yekha pa malinga 130, mlandu wake amagawana ndi mudziwo.

Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Mabanja a ku Kauai anayesa kuitchula njuchiyo, ndipo zinawatengera zaka zisanu ndi zitatu. Mu 2009 milandu ya chipepeso inatha ndi mgwirizano wa madola 25 miliyoni, ndipo olipira anali ambiri: Pflueger, eni malo ena, makampani, khonsolo ya Kauai ndi boma la Hawaii. Pflueger anazengedwa milandu isanu ndi iwiri ya kupha anthu mosasamala mu 2008. Mu 2013 anagwirizana ndi oimira boma kuti satsutsa mlandu wocheperapo, woika miyoyo ya anthu pachiswe, pamene kampani yake inasenza milandu ya imfa ija nkulipira madola 350,000. Mu Okutobala 2014, ali ndi zaka 88, analamulidwa kukhala m'ndende miyezi isanu ndi iwiri, ndipo anatulutsidwa patangopita milungu ingapo chifukwa cha matenda. Anamwalira mu 2017. Palibe wa m'boma amene analowa m'ndende. Mwezi umodzi pa moyo uliwonse ndi chilango chimene chimapweteka kuchimva, ndipo achibale a omwalira anali ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Komabe chigamulocho chinalemba m'mbiri chinthu chimodzi chofunika: imfa zija zinali ndi dzanja la munthu.

Chitetezo nacho chili ndi mtengo wake, ndipo wolipira nthawi zambiri si amene analakwa. Mu 2007 Hawaii inakhwimitsa lamulo lake, inawonjezera oyendera, zindapusa ndi ndalama zimene eni madamu ayenera kupereka. Eni ake ena atawerengera mtengo wokonza makoma a zaka zoposa 100 anaona kuti nkwapafupi kuphwetsa damu nkuligumula. Alimi a ku Kilauea amene ankadalira Ka Loko anatsala ndi madzi operewera. Damu losagumuka konse ndi damu lopanda madzi, koma limenelo silidyetsa munthu. Funso la chilungamo likubweranso mwa mtundu wina: ngati madzi a m'damu amadyetsa dera lonse, ndipo kugumuka kwake kungaphe dera lonse, kodi nkoyenera kuti khoma likhale nkhawa ya mwini malo yekha? Pa damu la Wahiawa pachilumba cha Oahu, lomangidwa mu 1906, limene kumunsi kwake kuli anthu zikwi zingapo ndipo ngalande yake inapezeka kuti ndi yochepa, aphungu a Hawaii anayankha mu 2023 pokhazikitsa lamulo lolola boma kulitenga kuchokera kwa eni ake, kuphatikizapo kampani ya Dole, ndi kupatula ndalama zolikonzera. Ena anati kumeneko ndi kusenzetsa okhoma msonkho ngongole ya kampani imene inadya phindu kwa zaka zambiri. Kudandaulako nkomveka. Koma anthu a kumunsi sangagone pansi pa khoma lofooka kudikira kuti mkangano wa ndani alipire uthe.

Dera lathu lino silili kutali ndi nkhani zimenezi. Ku Solai m'dziko la Kenya, damu la pa esiteti ina linagumuka usiku wa pa 9 Meyi 2018 nkupha anthu 48. Ku Mumbwa m'dziko la Zambia, damu la Kandesha linasefukira nkugwetsa nyumba kumapeto kwa 2020. Ku Malawi madamu adothi ali m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, m'maesiteti a fodya a m'chigawo chapakati, ndi m'midzi imene inawalandira kuchokera ku boma la atsamunda kapena ku mapulojekiti amene anatha kalekale. Lamulo la za madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, koma bungwe lililonse limaona kudzera m'maso a anthu amene ali pafupi ndi khoma: komiti ya alimi, mlangizi, nyakwawa, mnyamata woweta ng'ombe amene amadziwa pamene pamatuluka madzi amatope. Mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 inaonetsa kuti miyeso imene omanga akale ankadalira singakhalenso yokwanira. Mipingo ndi mizikiti, imene imakhala yoyamba kufika ndi ufa ndi mabulangete madzi akaononga, ili ndi mphamvu yofunsanso mvula isanayambe kuti damu la kumtunda linayenderedwa liti, ndipo ndani.

Pa 8 Malichi 2021 mvula yoopsa inagwa pachilumba cha Maui, ku Hawaii komwe kuja, ndipo madzi anafika pamsonga pa damu la Kaupakalua, ladothi, lomangidwa mu 1885 chifukwa cha nzimbe. Ulendo uno damulo linali m'kaundula ngati la chiopsezo chachikulu, oyendera anali atalemba kale zofooka zake, ndipo eni ake anali atalandira kalata yowalamula kuchitapo kanthu. Akuluakulu a chilumbacho analamula anthu a ku Haiku okhala kumunsi kuti asamuke madzulo omwewo. Madzi osefukira anaononga nyumba ndi milatho m'deralo, koma khoma linapirira, ndipo damulo silinaphe munthu. Pambuyo pake eni ake anakonza zoliphwetsa nkulichotsa.